Masikelo a mavenda ku Chigwa cha Shire: ndalama ndi ya pompopompo, koma muyeso muziyang'anira nokha

Kuyambira Epulo mpaka Okutobala, msewu wa M1 kuchokera pa Thabwa kudutsa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Sorgin ndi Bangula mpaka ku Nsanje boma umadzaza ndi masikelo. Kakonzedwe kake ndi kamodzimodzi paliponse: sikelo yokoloweka pa nthambi kapena pa mitengo itatu yomanga pamodzi, lona pansi, mulu wa matumba, ndi chikatoni cholembapo mtengo wa chitowe, nandolo, khobwe kapena mapira wa tsikulo. Ndemanga ino ndi ya ntchito ya ogula amenewa. Sitikunena za munthu mmodzi kapena kampani imodzi, chifukwa amene ali pa sikelo chaka chino mwina chaka chamawa adzakhala wina.

Chigamulo chathu tinene poyambirira. Pa kufulumira kulipira ndi kuyandikira mlimi, mavenda palibe wowaposa. Pa muyeso, ena ndi olungama ena ayi, ndipo simungawasiyanitse poyang'ana nkhope. Pa mtengo, iwo amangopereka umene wachokera kwa ogula akuluakulu ku Limbe atachotsapo phindu lawo. Pa zimene zimachitikira nthaka, madzi ndi chakudya cha pakhomo, ntchito yawo ilibe mbali imeneyo n'komwe, ndipo ndi pamenepo pamene alimi a kuno alipira kwambiri.

Ogula otere sanalipo kuyambira kale. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971 ndiyo inali wogula wamkulu wa zokolola za alimi ang'onoang'ono, pa mtengo umodzi dziko lonse. Mtengowo unali wotsika, ndipo phindu lochuluka linkapita kukathandiza minda ikuluikulu. Amene amakumbukira nthawi imeneyo ngati ya uchi wokhawokha aiwala zimenezi. Kusintha kunayamba ndi ngongole za World Bank ndi IMF kuyambira 1981. Mu 1987 lamulo linalola anthu wamba kugula ndi kugulitsa zokolola, misika ina ya ADMARC ya kumidzi inatsekedwa, ndipo mu 1994 kwacha anasiyidwa kuti mphamvu yake izidalira msika. Mu 2022 ADMARC inaimitsa ntchito ndi kuchotsa antchito ake kuti ikonzedwenso. Malo onse amene boma linachokamo, amene analowamo ndi venda wa sikelo uja. Komabe msikawo sunamasuke kotheratu. Boma limalengezabe mitengo yoyambira chaka ndi chaka, ndipo nthawi zina limaletsa kutumiza chimanga kunja, monga linachitira mpaka kumapeto kwa Okutobala 2017.

Zabwino zawo n'zenizeni. Venda amagula ngakhale makilogalamu 4, pamene depoti ya kampani imafuna matumba. Amafika ku Chapananga, ku Makhanga ndi m'mapiri a Chididi kumene lole yaikulu siyenda bwino, nthawi zina pa njinga yamoto kapena pa ngolo. Amalipira pamanja kapena pa Airtel Money ndi Mpamba mbewu isanachoke pa lona, palibe za "mubwere Lachisanu". Ndipo ndi amalonda omwewa amene amabweretsa chimanga cha ku Mozambique ndi cha kumtunda m'miyezi ya njala. Chigwa chino sichikolola chimanga chodzikwanira zaka zambiri, choncho malonda odutsa malire a ku Marka ndi a kumadzulo kwa Chikwawa apulumutsa mabanja ochuluka. Madzi osefukira a 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 atadula misewu, aliyense anaona mmene mtengo wa chimanga umalumphira amalonda akalephera kufika.

Tsopano sikeloyo, pakuti apa ndi pamene ndalama zambiri zimathera.

Sikelo yokoloweka ili ndi sipuling'i mkati ndi kagudumu kosinthira muvi. Choyamba kuyang'ana ndi muvi sikelo isananyamule kanthu: ukhale pa 0 ndendende, ngowe ndi chingwe zili pomwepo. Ukakhala kumbuyo kwa 0 ndi theka la kilogalamu, theka limenelo likuchoka pa thumba lililonse. Chachiwiri ndi msinkhu umene sikeloyo yakolowekedwa. Ikakhala pamwamba pa mutu wanu, inu mumawerenga muvi mochokera pansi ndipo nambala imene mukuona si imene ilipo. Pemphani itsike ifike pa maso. Chachitatu ndi thumba lenilenilo: lilendewere lokha, osakhudza pansi, osatsamira mtengo, osakhudza bondo la wonyamula. Bondo logwiriziza pang'ono chabe limadya makilogalamu awiri munthu osazindikira. Dikirani muvi usiye kunjenjemera musanavomere nambala, chifukwa ena amaitchula thumba likugwedezeka, muvi uli pansi.

Sikelo yovomerezeka imakhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards chosonyeza kuti inayesedwa. Chifunseni, ndipo onani chaka chake. Koma chizindikiro chimangonena za tsiku limene anaiyesa, choncho yesaninso nokha. Madzi okwana lita imodzi amalemera kilogalamu imodzi. Chigubu cha malita 20 chodzaza pa mzere wake chimalemera makilogalamu 20 kuphatikiza pafupifupi kilogalamu imodzi ya chigubucho. Zigubu ziwiri zikolowekedwe pamodzi, muvi ufike pafupi ndi 42. Musayese ndi paketi imodzi ya shuga, chifukwa sipuling'i yoseweretsedwa imatha kulondola pa katundu wopepuka n'kuyamba kunama katundu akalemera. Muyese ndi kulemera koyandikira thumba lanu. Sikelo ya manambala yoika pansi nayo si mngelo. Imasokonekera ikakhala pa nthaka yopendekeka kapena batire likafooka, ndipo ili ndi batani lochotsera kulemera kwa chotengera. Wina akadina batanilo phazi lake lili pa sikelo, thumba lanu liyamba kuwerengedwa kuchokera pansi pa 0. Auzeni azimitse ndi kuyatsanso inu mukuona.

Kenako pali mwambo wochotsa kilogalamu imodzi "ya thumba". Thumba la pulasitiki la makilogalamu 50 lopanda kanthu silifika ngakhale magalamu 200. Ikani matumba 10 opanda kanthu pa sikelo yomweyo muone okha.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti masamu aoneke. Venda woyamba walemba K1,500 pa kilogalamu, sikelo yake imaba makilogalamu 2 pa thumba, ndipo amachotsanso imodzi ya thumba. Pa thumba la makilogalamu 50 akulipirani 47, ndiye K70,500. Wachiwiri walemba K1,450 koma sikelo yake ndi yoona: K72,500. Mtengo wokwera wa pa chikatoni nthawi zina ndi nyambo chabe, ndipo amene waukweza kuposa anzake onse a pamalopo ndiye woyamba kumuyesa ndi zigubu.

Kugulitsa ndi ndowa, chigoba kapena mbale kukanike ngati kuli kotheka. Ndowa ya malita 20 yodzaza mosalaza imalowa chimanga pafupifupi makilogalamu 15, koma wogula amafuna yosefukira, ndipo ndowa zina zinakulitsidwa pozifewetsa ndi madzi otentha kapena kuzikhoma kunsi. Venda yemweyo akadzabwera kudzagulitsa chimanga mu Januwale, ndowa imakhala ina, yosalaza.

Chilungamo chifuna tinenenso za mbali ya alimi. Alipo othira mchenga m'chitowe, owaza madzi pa thonje, oika miyala pakati pa thumba la nandolo. Venda akabwezeredwa katundu ku Limbe kamodzi, amayamba kuchotsera aliyense, wachinyengo ndi wolungama yemwe. Vuto lalikulu la sikelo ya m'mbali mwa msewu n'lakuti siisiyanitsa magiredi. Chitowe choyera chopeta bwino ndi chosakanikirana mitundu chodzaza fumbi zimagulidwa mtengo umodzi, zimathiridwa pa lona limodzi. Ndiye mlimi avutikirenji kupeta? Mapeto ake mbewu yonse ya dera imadziwika ngati yakuda, ndipo wogula wa kunja amatsitsira dera lonselo mtengo.

Chinyezi chimayesedwa ndi dzino, ndipo dzino la wogula nthawi zonse limapeza kuti mbewu "sinaume". Mavenda okhala ndi kachipangizo koyezera chinyezi ndi ochepa. Chimanga chimafunika chifike pa 13 peresenti kapena kutsikirapo, nandolo pafupi ndi 12, chitowe chisapose 8. Kuyesa kwa pakhomo ndi uku: tengani botolo lagalasi louma, thiranimo mbewu mpaka gawo limodzi mwa atatu, onjezani masipuni awiri a mchere wouma bwino, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, dikirani mphindi 15 n'kukhutchumulanso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga kapena nandoloyo ibwerere padzuwa. Kwa chitowe njira imeneyi siikwanira chifukwa malire ake ndi otsika kwambiri. Chitowe chidulidwe makoko a pansi akayamba chikasu, chimangidwe mitolo yoimika, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chikutumulidwe pa lona, osati pa dothi.

Za mtengo, venda musamuimbe mlandu wonse. Nandolo wa kuno ndi wa m'maboma oyandikana nawo msika wake waukulu ndi India. M'zaka za 2015 ndi 2016 India inakolola zochepa, mtengo kuno unakwera, ndipo anthu anakulitsa minda. Mu Ogasiti 2017, India itakolola zochuluka, inaika malire a matani 200,000 pa nandolo yense wolowa m'dzikolo pa chaka. Mtengo kuno unagwa mpaka alimi ena anasiya nandolo m'munda osathyola. Mozambique inali kale ndi pangano lake ndi India la 2016, ife tinalibe. Pangano la Malawi la matani 50,000 pa chaka linabwera mu 2021. Mlimi wa ku Gaga kapena Changoima sanamve kalikonse za chigamulo cha ku New Delhi. Anangoona kuti sikelo imene inali pansi pa mtengo chaka chatha chaka chimenecho sinabwere. Venda samapereka lonjezo la chaka chamawa, ndipo sangalipereke, pakuti nayenso amamva mtengo pafoni m'mawa uliwonse. Mtengo woyambira umene Unduna wa Zaulimi umalengeza ndi wothandiza pokambirana, koma kumene kuli wogula mmodzi yekha pa mtunda wa makilomita ambiri, umangotsala wa pa wailesi.

Thonje lili ndi nkhani yakeyake. Dothi lakuda la makande la ku Ngabu ndi madera ozungulira lakhala la thonje kuyambira nthawi ya atsamunda. Msika utamasuka, makampani ena ankapereka mbewu ndi mankhwala pa ngongole, ena osapereka kanthu n'kumangobwera ndi ndalama nthawi yokolola kudzagula mokwererapo pang'ono. Alimi ankagulitsa kumbali, ngongole sizinkabwezedwa, ndipo okongoza anatopa. Chimene chinatha ndi ulangizi ndi mankhwala ofika pa nthawi yake. Lamulo la thonje la 2013, limene linakhazikitsa Cotton Council of Malawi, linali kuvomereza kuti msika wopanda woyang'anira sunayende: wogula akhale ndi chiphaso, agulire pa msika wovomerezeka. Choncho munthu wogula thonje pakhomo usiku ndi wakuba ngongole ya wina, ndipo amene adzavutike chaka chamawa ndi kalabu yonse. Kumbali ina, kaunjika ndi nsalu zotchipa za kunja zinafooketsa mafakitale a nsalu a m'dziko muno, moti thonje lathu lambiri limatuluka lisanapotedwe ndipo mtengo wake umatsatira wa kunja.

Pothyola thonje, matumba a pulasitiki a feteleza ndi mdani. Tiulusi tawo timasakanikira ndi thonje, sitituluka pa makina, ndipo sitigwira utoto nsalu ikamanyikidwa. Thyolerani m'matumba a nsalu, mame atauma, ndipo loyera la giredi A lisasakanizidwe ndi lothimbirira la giredi B.

Mankhwala ndiwo asiya chipsera chachikulu. Kale ankachokera njira imodzi pamodzi ndi mlangizi. Lero cypermethrin ndi dimethoate amapezeka pa benchi tsiku la msika, othiridwa m'timabotolo topanda chizindikiro, ena otha nthawi, ena osungunulidwa ndi madzi kapena parafini. Mankhwala ofooka sapha mbozi zonse, zotsalazo zimaswana zolimba, ndipo mlimi amawonjezera muyeso. Kupopera cypermethrin thonje likadali laling'ono kumapha tizilombo todya nsabwe ndi kodikodi, ndiye pakatha masabata ochepa munda umadzaza ndi nsabwe ndi kodikodi zomwezo. Gulani kwa wogulitsa wa chiphaso cha Pesticides Control Board, botolo lotseka la chizindikiro chowerengeka. Botolo likatha litsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe mu sipuleya, kenako libooledwe kuti wina asasungiremo mchere kapena mafuta ophikira. Sipuleya isatsukidwe pa mjigo, mu ngalande kapena m'thamanda, chifukwa cypermethrin amapha nsomba ngakhale atachepa kwambiri, ndipo madzi a kuno ambiri amathera mu Shire ndi mu Elephant Marsh, dambo limene linalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse mu 2017 ndipo limadyetsa asodzi ochuluka. Chitowe chisasungidwe m'chipinda chimodzi ndi mankhwala a thonje kapena m'thumba limene munali mankhwala. Ogula a kunja monga a ku Japan amayeza zotsalira za mankhwala, ndipo katundu akakanidwa kumeneko mtengo umatsikira onse.

Thonje la Bt, losinthidwa mwasayansi kuti lizipha mbozi lokha, limene linayamba kulimidwa ndi alimi wamba cha mu 2019, limachepetsa kupopera mbozi koma siliteteza ku nsabwe, majasidi ndi kodikodi. Mbewu yake ndi ya haibulidi, yodula, ndipo siibwerezedwa. Lamulo lakale lozula ndi kutentha mitengo ya thonje mukatha kukolola likadali lofunika, kuti mbozi yofiira isapeze pogona mpaka dzinja lina. Venda sadzakufunsani ngati munazula. Kale ankafunsa ndi mlangizi, ndipo munda wa mmodzi wosazula umadwalitsa minda ya oyandikana nawo onse.

Mtengo wa mbewu ina ukakwera chaka chimodzi, nkhwangwa zimalowa m'tchire chaka chotsatira. Chitowe chimachita bwino pa mphanje popanda feteleza, ndiye njira yachidule ndi kugwetsa tsanya ndi mitengo ina m'mphepete mwa mapiri ndi kufupi ndi malire a Lengwe ndi Mwabvi, mitengoyo n'kuotcha makala okwera nawo ku Blantyre. Pakatha zaka zochepa nthakayo imaguga, dothi limatsikira m'mitsinje. Onani mtsinje wa Mwanza pamene umadutsa M1: mchenga wadzaza moti madzi akabwera ochuluka amasowa njira n'kulowa m'midzi. Kugwa kwa mtengo nako kumawononga. Nandolo amawonjezera chonde, masamba ake amaphimba nthaka, mizu yake imalowa pansi, ndipo mitengo yake ndi nkhuni za pakhomo. Banja likasiya nandolo chifukwa cha msika, mayi amayambanso ulendo wa kutchire kukatola nkhuni. Chifukwa chake nandolo monga Mwaiwathualimi kapena Mthawajuni asachoke m'munda ngakhale chaka cha mtengo woipa. Muchepetse, koma musazule yense.

Pakhomo, chovuta kwambiri ndi nthawi yogulitsira. Venda amafika mbewu ikangopsa, pamene fizi ya teremu yachitatu, ngongole ya banki m'khonde ndi ya ku golosale zonse zikudikira, ndipo pamene mtengo uli pansi chifukwa aliyense akugulitsa. Choipa kuposa apo ndi kulandiriratu ndalama mu Febuluwale mbewu ili m'munda, kuti mudzabweze ndi matumba. Werengerani ndalama yomwe mwalandira pa thumba poyerekeza ndi mtengo wa Juni, mupeza kuti ndi katapila wosatchulidwa dzina. Mapira ndi mchewere, zimene zimapirira kutentha kwa kuno kuposa chimanga, zisapite pa sikelo banja lisanapatule chakudya chofika Malichi. Palinso chimene alangizi a m'midzi amachidziwa bwino: chitowe, khobwe ndi nandolo zikakhala zotchipa ndi "mbewu za amayi", koma mtengo ukakwera wonyamula thumba kupita nalo pa sikelo amakhala bambo, ndipo pafupi ndi sikelo iliyonse pali pomwera. Zimenezi zimachitika m'mabanja a Asena a lobola ngakhalenso a Amang'anja a chikamwini. Kulipira pa foni kwathandizako pamene nambala ili ya mayi.

Njira zina zilipo, ngakhale iliyonse ili ndi pake. Depoti ya kampani pa Ngabu, Nchalo kapena Bangula kawirikawiri imakhala ndi sikelo yabwinoko ndi lisiti, koma mayendedwe ndi anu ndipo akhoza kukubwezani chifukwa cha chinyezi mutalipira kale ngolo. Kusungitsa mbewu m'nyumba yosungiramo n'kulandira lisiti yokongolera ndalama, monga amachitira a msika wa zokolola wa ACE, kumafuna matani angapo a mbewu ya giredi imodzi, ndipo malipiro osungira ndi chiwongoladzanja zikhoza kudya phindu lonse mtengo ukapanda kukwera. Mlimi mmodzi wa matumba 6 sangakwanitse, kopaletivi ingathe. A nzimbe a ku Kasinthula ndi Phata anaonetsa kuti gulu lolimba limakambirana mtengo bwino, ngakhale nawonso sanathawe msika wa kunja, pakuti European Union inathetsa malire a kuchuluka kwa shuga wopangidwa m'maiko ake mu Seputembala 2017 ndipo mtengo kumeneko unatsika.

Kwa mabanja ambiri njira yotheka ndi ya pakati. Gulitsani kwa venda gawo lokhalo lofunika kuthetsa vuto la sabata imeneyo. Zotsalazo ziume bwino, zipetedwe, zilowe m'matumba osalowa mpweya monga a PICS, mapepala onse a mkati omanga lililonse palokha mutafinya mpweya, thumba litakhala pa thandala osati pa simenti kapena pa dothi, kutali ndi makoswe chifukwa kabowo kamodzi kamathetsa ntchito ya thumbalo. Nandolo ndi khobwe sizichedwa kufumbwa ndi kutentha kwa kuno, choncho zilowe m'thumbamo sabata yomwe mwapuntha. Alimi 15 kapena 20 a mudzi umodzi asonkherane sikelo yawoyawo, aliyense ayeze ndi kulemba kulemera pa thumba asananyamuke, ndipo aimbire ogula atatu tsiku limodzi kuti adzapikisane pa mulu umodzi. Kope la gululo likhale ndi tsiku, dzina la wogula, makilogalamu a pa sikelo yanu, a pa sikelo yake ndi mtengo. Wogula amene manambala ake asiyana ndi anu kuposa theka la kilogalamu pa thumba kawiri konse, mukamunene kwa mlangizi wa ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu (EPA) kapena ku khonsolo ya boma lanu, kopelo lili m'manja.